Mtengo wa Bwemba ndi Mipando Yanga Yachitsulo

Ine cholinga changa chinali chabwino, ndiyambire pamenepo, chifukwa mukamva zotsatirazi muganiza kuti ndinabadwa ndi mtima wa mfiti. Ndinkangofuna kuti apongozi anga azikhala pabwino, basi. Munthu wamkulu, msana unathera m'migodi ya malasha, tsiku ndi tsiku n'kumakhala pa muzu wa mtengo m'mbali mwa msewu ngati alibe mbumba, inuyo mukanangoyang'ana?

Kwathu ine n'ku Zobwe, kumapiri. Nkhondo itafika povuta tinathawira ku Malawi, mbali ya ku Mwanza, ndipo kumsasa wa othawa nkhondo kumeneko n'kumene ndinakumana ndi a Lusiya, amene lero ndi mayi a Tereza. Iwowo kwawo n'ku Moatize. Mtendere utabwera tinawoloka malire kubwerera, koma m'munda wa bambo anga ku Zobwe panalibe wofuna kuyamba kuponyamo khasu, anthu ankati mudakali mabomba okwirira pansi. Ndiye mayi a Tereza akuti tiyeni tikayambe tapumira kwathu kuchigwa, zikadzayera tidzabwerera. Tinafika ku Moatize mwezi wa Juni tili ndi mapoto, lona la denga ndi mwana kumsana, ine n'kusanduka mkamwini pakhomo pa bambo awo, a Bonifasiyo, m'dera la m'tauni, bayiro yotchedwa 25 de Setembro.

A Bonifasiyo anali munthu wochepa thupi, wa chifuwa cha fumbi la malasha, ndipo mawu ankachita kuwaumira. Ine ndiye sankandilankhula n'komwe pamaso. Tikhale pakhonde limodzi, iwo apa ine apo, ankatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, muwafunse akamwiniwo ngati agona bwino. Ine n'kuyankha kwa mkazi wanga, mkazi wanga n'kupereka yankho kwa bambo ake amene alimva kale ndi makutu awo. Poyamba ndinkaona ngati sakundifuna, kenako ndinazolowera kuti ndiwo ulemu wake.

Nkhondo yonse iwo sanachoke pa Moatize. Chinawamanga miyendo ndi mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, Domingo, mchimwene wa mkazi wanga. Domingo anakwera lole tsiku lina kupita ku Zobwe kukaoda mbatata ya kachewere yodzagulitsa. Panjira galimoto zinatchingidwa, ena anaphedwa, ena anatengedwa kupita nawo kutchire. Mtembo wake sunapezeke, ndiye kwa a Bonifasiyo mwanayo anali moyo, ankangochedwa.

Masiku amenewo malole ankafika pafupipafupi kudzatsitsa anthu obwerera kuchokera ku Malawi ndi asilikali amene atula mfuti. Ankatsitsira m'mbali mwa msewu waukulu, pamene panali mtengo wa bwemba, chimtengo chakalekale cha nthambi zotambalala. Nkhalamba za m'bayiro zinkalawirira pamenepo, ena kudikira ana, ena kudikira amuna awo, ena kungothawa zii wa kunyumba. A Bonifasiyo anali ndi muzu wawowawo umene aliyense ankaudziwa. Ankati Domingo anakwerera pamenepo iwo atakhala pa muzu womwewo, ndipo akadzatsika maso ake adzayambira pamtengopo.

Tsiku lina a sekeretariyo a bayiro, a Zakariya, anaitanitsa msonkhano. Akuti kuli bungwe lina lathandiza simenti ndi matumba a chimanga cholipirira ogwira ntchito, likufuna kuti pamalo pa okalamba paja pakonzedwe, pakhale jaridimu, malo opumulirapo ngati a m'mizinda ikuluikulu, agogo athu azikhala pa mipando osati m'fumbi. Chosowa chinali munthu wotsogolera ntchitoyo. Ine kumsasa ndinaphunzirako zomangamanga, ndinamangako zimbudzi ndi thanki ya madzi, ndiye dzanja langa linakwera lokha. Mumtima ndinati apa ndi pamene apongozi aonere kuti mwana wawo sanatole chitsiru pamzere wolandirira nyemba.

Tsono munthu wokalamba amafuna chiyani? Ine funso limeneli silinandivute ngakhale pang'ono, yankho ndinakula nalo. Amafuna dzuwa. Ku Zobwe, nkhungu ikatsika m'phiri ndi kamvula ka chiperoni kaja, nkhalamba zimauma mafupa. Malemu bambo anga ankayamba m'mawa ali kum'mawa kwa nyumba, n'kumakoka kampando kawo pang'onopang'ono kutsatira dzuwa, pofika madzulo azungulira nyumba yonse. Mthunzi ankati ndi wa nyamakazi ndi chibayo. Kwathu ukafuna kulemekeza munthu wamkulu umamupatsa malo owala, iwe n'kukhala pozizira.

Komabe sindinafune kuti anthu adzati sindinafunse. Ndinapita pamtengopo m'mawa wina mu Julayi, kamphepo kakuchokera kumtsinje wa Revubwe kali siii, n'kupeza nkhalamba zatuluka mumthunzi zakhala chakumphepete, zafunda masaka. Ndinati ehe, si izi! Ndinagwada bwinobwino, moni wa Chinyungwe woloweza dzulo lake uja n'kupereka, muli tani, muli tani, kenako n'kufunsa ngati dzuwa amalikonda. Munthu akunjenjemera m'saka, iwe n'kumufunsa ngati amakonda dzuwa, ayankha chiyani? Onse anagwedeza mitu, agogo ena mpaka anawomba m'manja. Kufufuza kwanga kunathera pomwepo, ndipo masana sindinabwererenso kukaona kuti akhala pati.

Mayi a Tereza anayesa kundichenjeza. Anati bambo a Tereza, inu Moatize simunamuone, mwangomuona atagona, dikirani Okutobala. Ine ndinati dzuwa ndi limodzi dziko lonse, la kuno silinabadwe kwina. Anangondiyang'ana n'kupitiriza kupeta mapira awo.

Simenti inali yochepa, inangokwanira kuwaka pansi. Mipando ya matabwa ndinaikana, ndinati chiswe chidzadya, chikapanda kudya anthu adzazula n'kukasonkhera moto. Ndiye nzeru inandibwerera ndikudutsa kusiteshoni ya njanji, kumene mabogi a sitima opsa ndi nkhondo ankangochita dzimbiri m'udzu. Chitsulo chokhuthala chotere, chaulere, chosadyeka ndi chiswe, chosanyamulika ndi wakuba! Tinapempha kwa oyang'anira, tinapeza bambo wina wowotcherera zitsulo, anadula mapaleti aatali n'kuwaika miyendo ndi moyedzamira. Utoto umene unapezeka unali umodzi, wakuda bii, wolemera ngati phula, wopaka kunsi kwa mabogi. A Zakariya ankadandaula kuti sukongola. Ine ndinawalimbitsa mtima kuti chakuda chimasunga kutentha, agogo athu adzakhala ngati akumbatiridwa. Mawu amenewa ndinanena ndi pakamwa panga pano, anthu akumva.

Vuto lotsala linali mtengo. Ndikaika mpando uku, mthunzi. Ndikausunthira uko, mthunzi. Malo onse amene tinapatsidwa anali pansi pa bwemba uja, ndipo mizu yake inali yotumphuka moti simenti sikanagona. Ndinaganizapo zongosadza nthambi, koma ndinati zidzaphukanso, ntchito ya theka ndi ya aulesi. Mwayi, kapena nditi tsoka, unabwera pamene kunagwa maliro a munthu wina wamkulu ku Benga. Nkhalamba zonse za m'bayiro zinapita kumeneko kukagonera, a Bonifasiyo ali momwemo. Ine ndinati izi ndiye zabwino, akamabwera adzapeze chodabwitsa.

Anthu a nkhwangwa sanavute kupeza. Anali anzanga obwerera kuchokera kumsasa, njala ili m'nyumba, atamva za chimanga sanafunse zambiri. Tinalimbana nawo mtengowo, nkhwangwa kumabwerera, manja kutupa matuza, mpaka unalira n'kugwa, nthaka kugwedezeka mpaka kumsika. Abale, mmene panayerera! Mbee, dzuwa kulowa paliponse, ine chilili pachitsa manja m'chiuno, mtima uli myaa. Amayi owotcha makala anathamangira nthambi, chitsa tinachitentha, mizu tinakumba, n'kuthira simenti pamwamba pake pali see. Mipando yakuda n'kuimika m'mizere, yoyang'ana kumsewu, kuti agogo aziona malole bwinobwino popanda chowatchinga.

Atabwerako ku maliro, nkhalamba zinaima m'mbali mwa msewu. Ine ndinali chapatali kudikira nthungululu. Panalibe. A Bonifasiyo analowa pasimentipo, n'kumayenda uku ndi uku akugogoda ndi ndodo yawo, go, go, go, kufuna pamene panali muzu wawo. Atatopa anavula chipewa, anayang'ana kumwamba kumene kunali nthambi, n'kubwerera kunyumba.

Madzulo mayi a Tereza anabwera kwa ine maso ali pansi.

"Bambo akuti atenda."

Ndipo ine, mwana wa munthu, ndinalandira mawu a Chinyungwewo ngati kuthokoza kwenikweni! Ndinati muwauze kuti asadandaule, ndi udindo wathu anafe. Mkazi wanga anandifunsa kuti achimwene akadzatsika adzayang'ana pati. Ndinayankha kuti adzayang'ana pa mipando yokongola n'kuona bambo awo atakhala ngati bwana. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamva akulira, koma ndinati ndi za maliro a ku Benga.

Mwina mukufunsa kuti nanga palibe amene anakhalapo pamipandopo n'kuzindikira vuto lake msanga? Palibe, chifukwa a Zakariya anazunguliza chingwe malo onse. Akuti lamulo lake n'lakuti asakhalepo munthu mpaka a shefe, bwana wa boma wochokera ku Tete, adzatsegulire. A shefewo anati abwera mu Ogasiti, kenako akuti galimoto yawonongeka, kenako akuti ali ndi alendo, Sepitembala n'kudutsa. Nthawi yonseyi okalamba analibe pokhala. Ena anakakhala pakhonde la sitolo, mwini wake n'kumawathamangitsa kuti akutchinga ogula. Ena anangosiya kubwera, n'kumafota m'nyumba okhaokha. A Bonifasiyo okha sanasiye. Tsidya la msewu kunali khoma la nyumba yogumuka, ndipo ankaima chotsamira pamenepo m'kamthunzi kopyapyala, kakamachepa iwonso n'kumadziphwatika kukhomako.

Okutobala atafika ndinamudziwa Moatize. Dzuwa lake silituluka, limachita kugwa pamutu. Mphepo ikawomba imakhala ngati watsegula uvuni wa njerwa. Ine munthu wa kumapiri ndinkangoti ndadwala malungo, thukuta kamukamu, madzi a mumtsuko ngati ofunditsa dala. Ndiye tsiku lina masana ndikudutsa pa jaridimu wanga ndinaona mbuzi yalowa pansi pa chingwe n'kudumphira pampando. Sinachedwepo. Inalira kulira kwina kumene sindinamvepo kwa mbuzi, n'kuthawa ikukweza miyendo ngati yaponda minga. Ndinadzitonthoza kuti mbuzi ilibe buluku.

Komabe ndinapita kwa a Zakariya kukapempha kuti mwambo udzachitike m'mamawa. Anati osadandaula, a shefe anyamuka ku Tete tambala akulira, si patali. Tsikulo litakwana tinasonkhana kuyambira m'mawa, amayi ovina avala makapulana, zitenje za kuno, ofanana, nkhalamba zaimikidwa pamzere padzuwa popeza pothawira panalibe. Ine ndinavala buluku langa la kalamidade, zovala za kaunjika zothandizira ovutika zija, la nsalu yonyezimira yopyapyala ngati ya ambulera, ndi jekete lobwereka. Tinadikira, amayi anavina mpaka nyimbo zinawathera, agogo awiri anachita chizungulire n'kuwanyamula. A shefe anatulukira dzuwa lili paliwombo, ali ndi mlendo wa kubungwe lija wonyamula kamera.

Chingwe chinadulidwa, anthu anawomba m'manja. Apa ndi pamene ndinakumbukira chinthu china chimene ndinakonza kalekale, mu Julayi, n'kuchiiwala. Ndinali nditapempha a Zakariya kuti munthu woyamba kukhala pampando adzakhale apongozi anga, monga ulemu. Ndisanatsegule pakamwa, a Zakariya anali ataitana kale dzina lawo mokweza.

A Bonifasiyo anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anafika pampando wakutsogolo, anayandikiza kuseri kwa dzanja osaugunda n'komwe, n'kulibweza. Kenako anavula chipewa, n'kuyang'ana a shefe.

"A shefe, ayambe ndi amene anapanga."

Anthu anasangalala kuti mkuluyu ndi waulemu, akulemekeza mkamwini wake pagulu. A shefe anamwetulira n'kundikodola. Ndikanatani? Ndikananena kuti pepani, mpando umene ndapangira agogo ine sindingaukhale? Ndinayenda ngati wopita kukabayitsa jakisoni, ndinatembenuka, ndinapempha Mulungu wa ku Zobwe kuti atumize kamtambo, n'kukhala.

Kamphindi koyamba sindinamve kanthu, mpaka ndinati mwina mbuzi ija inkangokokomeza. Kenako moto unafika. Sunabwere pang'onopang'ono ayi, unalowa wonse nthawi imodzi, kuyambira kumatako mpaka m'mano. Ndinati ndidzuke, koma a shefe anali ataika dzanja lawo lolemera paphewa langa n'kuyamba kulankhula. Mlendo wa kamera naye akukweza chala kuti ndisagwedezeke, ndimwetulire. A shefe ankalankhula Chipwitikizi, a Zakariya n'kumamasulira m'Chinyungwe, ndiye chiganizo chilichonse ndinkachipsa kawiri. Anayambira pa mbiri ya nkhondo, abale. Anafotokoza za mtendere, za kumanganso dziko, za kulemekeza makolo, ndipo akafika pa mawu amphamvu ankandikanikiza paphewa kuti amveke bwino.

Ndinayesa kukweza tako limodzi kuti lipumeko, koma utoto uja unali utasungunuka n'kugwira buluku. Misozi inayamba kutsika yokha. A shefe ataiona anasiya zimene ankanena n'kuuza anthu kuti taonani mnyamata uyu, akulira chifukwa chokonda okalamba, dziko likufuna anthu otere. Anthu m'manja phuphuphu. Ine apo ndikumva fungo la nsalu yopserera, ndipo pansi pa fungo limenelo panali fungo lina limene ndinalidziwa kuti ndi langa.

Sindikumbuka kuti anali pa mfundo iti pamene ndinakuwa kuti mayo ine. Ndinadumpha, dzanja la a shefe kuulukira uko, kumbuyo kwanga n'kumveka kwaa! Buluku linagawana pawiri, lakutsogolo linapita ndi ine, lakumbuyo linatsala pampando litamatirira bwinobwino ngati chigamba. Za kabudula wamkati musandifunse, inali nthawi ya umphawi. Ndinathamanga manja kumbuyo kuti ndikabisale kuseri kwa mtengo. Mtengo wake uti? Ndinazungulira pasimenti yanga yoyera mbee ija, uku a shefe, uku amayi ovina, uku apongozi, popanda ngakhale chitsamba choti n'kubisako nkhope. Anandipulumutsa ndi mayi a Tereza, amene anamasula kapulana yawo yapamwamba n'kundikulunga ngati mwana wochokera kosamba.

Achinyamata anaseka mpaka kugwa pansi, zimenezo sizinandipweteke. Chinandipweteka n'chakuti pamzere wa nkhalamba panalibe amene anaseka. Anangoima, thukuta likutsika m'makwinya, akuyang'ana mipando. A shefe analowa m'galimoto osatsanzika, mlendo wa kamera pambuyo pawo. Fumbi lawo litatsika, gogo wina wamkazi amene ankadikira ana ake awiri anafunsa a Zakariya ndi mawu otsika kuti, "Ndiye tizikhala pati?" A Zakariya anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi.

Ndinagona chafufumimba kwa nthawi yaitali, pakhomo pa apongozi, ndikudya chogona ngati ng'ona. Kuchipatala anandipaka mankhwala ofiirira, wopakayo akulephera kugwira thonje chifukwa cha phwete. Anthu ankabwera kudzazonda, koma ndinkadziwa kuti akufuna kuona ngati zimene amva n'zoona. Manyazi ndinali nawo, koma chimene chinkandisowetsa tulo ndi phokoso la ndodo ya a Bonifasiyo m'mawa uliwonse, akutuluka pachipata kupita kukhoma lawo lija.

Tsiku lina sanabwere ndi miyendo yawo. Anawabweretsa pa njinga, atakomoka ndi dzuwa pakhomapo, mlomo utang'ambika pogwa. Anatsitsimuka, koma miyendo inakana, ankangofika pakhonde n'kukhala. Lole ikalira kumsewu ankatukula mutu, n'kumvetsera mpaka phokoso litatha. Ine ndili m'nyumba chafufumimba ndinkamva zonsezi, ndipo ndikanakonda akananditukwana kapena kundithamangitsa pakhomo pawo. Anangopitiriza kumvetsera malole.

Nditayamba kuyenda, mayi a Tereza anabwera ndi uthenga. Bambo akuti kuyambira mawa muzipita kumsewu kukadikira malole. Ndinati chabwino, koma nanga ine Domingo ndimudziwa bwanji, sindinamuonepo, chithunzi chake palibe. Anatuluka kupita pakhonde, ndinamva akunong'onezana, n'kubweranso.

"Akuti nayenso sakudziwani, koma malowo akuwadziwa. Muzikaima pamene panali mtengo."

Ndiye ndinayamba ntchito yatsopano, yokhala mtengo. Masana alionse ndinkapita pa jaridimu wanga, n'kuima pakati pa simenti pamene tinakwirira chitsa, popeza kukhala pansi sindikanatha ngakhale pakanakhala pokhala. Lole ikaima ndinkakuwa kuti, Domingo wa a Bonifasiyo! A Domingo anatsika ambiri, dzina limeneli silisowa, wina mpaka anandikumbatira poganiza kuti ndatumidwa ndi akwawo. Koma ndikafunsa za bambo ake, ankatchula dzina lina ndi mudzi wina. Anthu a m'bayiro anasiya kunditchula bambo a Tereza, ndinasanduka a Bwemba. Amayi opita kumsika ankandifunsa ngati ndabereka chaka chino. Pamipando yanga anayamba kuyanikapo nsomba ndi tsabola, akuti zimauma tsiku lomwelo, ndipo mayi wina anandithokoza kuchokera pansi pa mtima.

Madzulo ndinkabwerera n'kuuza mkazi wanga kuti lero ayi, iye n'kupita pakhonde kukanena kuti lero ayi. Malole anayamba kuchepa. Masiku ena ndinkaima mpaka dzuwa kupendeka osaona ngakhale imodzi, nsapato zikumata pasimenti. Nkhalamba zina zimene zinkakhala pamtengo paja sindinazionenso, ndinkangomva kuti uje wagona, uje wapita kwa mwana wake ku Mithete, uje tinaika dzana. Sindikunena kuti anawapha ndi jaridimu wanga, koma kale akadwala anzawo ankadziwa tsiku lomwelo poona kuti malo ake ali okha.

Kenako kunamveka kuti misasa ya ku Malawi akutseka, ndipo lole imene ikubwera ndi yomaliza. Tsiku limenelo ndinapita msanga. Ndili chiimire ndinamva go, go, go kumbuyo kwanga. A Bonifasiyo anali atadzikoka okha kuchokera kunyumba, akupuma ngati mvukuto, malaya atanyowa. Panabweranso nkhalamba zina zingapo, gogo wa ana awiri uja ali pomwepo. Anayang'ana kukhoma lija, koma dzuwa linali litatembenuka, mthunzi uli kuseri kosaonekera msewu. Anayang'ana mipando. Kenako a Bonifasiyo anabwera n'kudzaima kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri moti ndinkamva mpweya wawo pamsana.

Ine ndine wamtali ndi wotambalala mapewa, ndipo dzuwa linali litapendeka pang'ono, ndiye mthunzi wanga unagwera pa iwo. Koma mkamwini saima chotero ndi apongozi, kuwafulatira, mapazi kutsala pang'ono kugundana. Ndinayamba kusuntha kuti ndiwapatse malo.

"Musasunthe, akamwini."

Sindinasunthe. Lole inafika, inaima, anthu anayamba kutsika ndi mitolo yawo, nkhuku, mphasa, ana. Ndinakuwa dzina lija mpaka mawu anasasa. A Bonifasiyo ankasuzumira m'mbali mwa mkono wanga, nkhope iliyonse ankaiperekeza ndi maso mpaka itadutsa. Anatsika womaliza, mayi wina wa mwana kumsana. Woyendetsa anatseka chitseko chakumbuyo, n'kuliza injini, lole n'kupita.

Ndinadikira kuti anene kuti tiyeni. Sananene. Tinaima choncho, dzuwa likutsika, mthunzi wanga ukusuntha, iwonso n'kumasuntha nawo pang'onopang'ono. Miyendo inachita dzanzi, zipsera zakumbuyo zikuyabwa, koma kukanda sindikanatha, apongozi ali pomwepo. Msewu utachita mdima anatembenuka okha n'kuyamba ulendo wa kunyumba, ine pambuyo. Kumsewu kuja sanapitenso, ndipo ine sananditumenso.

Ndiye anzanga, mukadzamva kuti kubayiro akufuna munthu wokonza malo opumulirapo okalamba, dzina langa musalitchule, ngakhale atalonjeza chimanga chodzaza lole. Ndinalumbira kuti nkhwangwa sindidzaigwiranso, ngakhale kusadza kanthambi ndimatuma ena. Ntchito yokhala mtengo ndinaiyesa, ndipo sindinaithe. Ndi thupi lonseli, mthunzi wanga unangokwanira nkhalamba imodzi yochepa thupi, gogo wa ana awiri uja ndi anzake anaima padzuwa mpaka lole inapita.